Kabokosi ka Ajida

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndakhala ndikutsikira kunsi kwa mlatho
azana ya m'bandakucha ikangotha,
pensulo kukhutu, kope m'khwapa,
kukafunsa Shire kuti wagona pati.
Thabwa la manambala linasuluka utoto
koma ndimalidziwa
monga lilime lidziwira dzino lobooka.

Ndiye kunabwera Ajida pa kabaza, mwezi wa Okutobala,
mpango wobiriwira kumutu,
zala zamabala a chowotcherera mawaya,
atafukata kabokosi ngati nkhuku ya mphatso.
Akuti anakapanga patebulo la amalume ake kwa Mponda:
paipi yoduka, batire la njinga yamoto,
kasola kosaposa chikhatho,
ndi kakamwa kokuwira madzi mawu amene khutu silimva
n'kudikira kuti abwerere.
Akachedwa, madzi atsika. Akafulumira, akwera.
Ndinati, mwanawe, mileme inayamba kale zimenezo.
Anaseka, nandipempha ndimugwirire makwerero.

Sabata yoyamba kanati mtsinje wakwera mkono wathunthu
kumwamba kuli mbee.
Tinapeza namasupuni atakocheza pansi pake,
kabokosi kakuyeza masamba.
Sabata yachiwiri kanangoti zii.
Mavu anali atamanga pakamwa pake.
Anamuluma pachikope,
ndipo analemba m'buku mwake diso limodzi litatseka.

Kenako dzuwa linakazunguza mutu:
m'mawa kugwirizana nane,
masana kunama ndi zala zitatu,
madzulo kubwerera ngati chidakwa cholapa.
Anakatsitsa, nakapachika pamwamba pa mgolo kuseri kwa ofesi,
ine kuthira ndowa, iye kuwerenga,
ndowa, kuwerenga, ndowa,
mpaka amayi apampope anayamba kukodolana.
Akuti mawu amathamanga kwambiri kukatentha.
Ine ndinkayesa kutentha kwa Mangochi kumafooketsa chilichonse.

Ndisabise.
Usiku wina ndinaganiza zowonjezera masentimita awiri m'kope
kuti kabokosi kachite manyazi, kabwerere kwawo.
Koma m'mbali mwa Malombe muli madimba a anthu,
ndipo kumunsi kuli otsegula zitseko za madzi
amene sanandionepo nkhope
koma amakhulupirira pensulo yanga.
Ndinalemba chimene ndinaona.

Febuluwale inagwa masiku anayi osapuma.
Njira yanga yotsikira inasanduka phala,
thabwa linamira mpaka mutu,
ndinaima pamlatho ndi tochi, wopanda choti ndiwerenge.
Kope linanyowa lopanda nambala,
koyamba chiyambire.
Koma foni ya Ajida inkalira theka la ola lililonse,
nambala pamwamba pa nambala,
ndipo Che Imedi, ataimbiridwa tambala asanalire,
anasamutsa mbuzi ndi matumba a mpunga
akutukwana kuti awadzutsiranji.

Madzi ataphwa tinapita ndi tepi.
Matope anali atalemba mzere wawo pachipilala,
mboni yosadya za munthu.
Ndinagwira kumunsi, iye anakwera.
Anayeza kawiri. Anati ndiyezenso ine.
Kusiyana kwake: sentimita imodzi.
Sanalumphe. Anakhala pamwala, navula nsapato,
n'kufunsa kuti sentimita imeneyo yathawira kuti.

Tsopano akuti apanga ena asanu ndi awiri,
wina wa ku Lungwena, wina wa ku Nankumba,
wina wotsikira m'mjigo kukamvetsera madzi apansi.
Za malipiro anga ku ofesi sananene kanthu,
ndipo ine sindinafunse.
Ajida akuti ndisasiye,
akuti kabokosi kopanda wokatsutsa ndi mphekesera chabe.
Kaya akunena zoona, kaya ndi ulemu wa kwa Mponda.

Ndimatsikabe.
Ndimatenga nthenga ya nkhuku
kukachotsa ulusi wa kangaude pakamwa pake,
ndimakapukuta kasola ndi mkono wa malaya.
Kenako ndimagwada kwa thabwa langa, ndiwerenge,
foni ili chafufumimba m'thumba,
ndipo sindiitulutsa
mpaka pensulo itamaliza kunena zake.